Mphika Wathu: Nyama ya nkhumba ya tsabola wobiriwira, ndiwo za ku New Mexico

Mayiko ndi zigawo zimadziwika ndi mbendera, nyimbo ndi zizindikiro zina zotero. Chigawo cha New Mexico, kummwera chakumadzulo kwa dziko la United States of America, chinawonjezerapo china chodabwitsa: chili ndi funso lake lovomerezeka ndi boma. Funsolo n'lalifupi: "Wofiira kapena wobiriwira?" Ndilo limene woperekera zakudya amafunsa aliyense wolowa m'nyumba yodyera, pofuna kudziwa mtundu wa msuzi wa tsabola woti amuthirire pa mbale yake. Mu 2023 aphungu a chigawochi anavomerezanso kuti fungo la tsabola wobiriwira akamawotchedwa likhale fungo la chigawo chawo, ndipo bwanamkubwa Michelle Lujan Grisham anasaina lamulolo.

Anthu amene amalemekeza tsabola kufika pamenepa ayenera kuti ali ndi china choti atiphunzitse. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. M'gawo lino, awerengi okondedwa, tiona ndiwo zimene mabanja a kumeneko amaphika nyengo yozizira ikayamba: nthuli za nkhumba zophikidwa kwa nthawi yaitali pamodzi ndi tsabola wobiriwira wowotcha, anyezi, adyo ndi mbatatesi. Tiona kumene zinachokera, mmene mungaziphikire pa mbaula yanu, ndiponso zoyenera kusamala pogula nyama ya nkhumba, popeza nkhani imeneyi imakhudza umoyo wa banja lonse.

Kumene ndiwozi zinachokera

Mphika umenewu ndi mkumano wa zakudya zochokera kumadera otalikirana. Tsabola kwawo ndi ku America, ndipo anthu a ku Mexico anayamba kumulima zaka pafupifupi 6,000 zapitazo. Mbatatesi zinachokera kumapiri a Andes ku South America. Nkhumba zoweta kunalibe ku America mpaka pamene Christopher Columbus anapita nazo pa ulendo wake wachiwiri mu 1493. Anyezi ndi adyo amene timalima masiku ano anawolokanso nyanja ndi azungu a ku Spain. Pamene Juan de Oñate anakhazikitsa ulamuliro wa Spain ku New Mexico mu 1598, ziweto ndi mbewu zachilendo zinakumana ndi ulimi wa anthu a mtundu wa Pueblo, eni nthaka, amene ankalima chimanga, nyemba ndi maungu m'chigwa cha mtsinje wa Rio Grande. Ndi m'zaka za m'ma 1500 zomwezo pamene amalonda achipwitikizi anafalitsa tsabola m'magombe a Africa, kuphatikizapo a Mozambique. Choncho piripiri wathu ndi tsabola wa ku New Mexico ndi ana a mbumba imodzi amene analeredwa kosiyana.

Tsabola amene amatchuka kumeneko lero ndi ntchito ya katswiri wa zaulimi Fabián García, wobadwira ku Chihuahua m'dziko la Mexico mu 1871. Iyeyu ankagwira ntchito pa sukulu ya zaulimi ya ku Las Cruces, imene tsopano ndi New Mexico State University. Tsabola wakale wa alimi a kumeneko anali wosadalirika: wina wamkulu, wina wamng'ono, wina wowawa kwambiri, wina wozizira. García anasankha mbewu chaka ndi chaka kufikira atapeza mtundu wautali, wosalala, wa mnofu wambiri ndi wowawa mofanana, umene unatulutsidwa ndi dzina lakuti New Mexico No. 9. Pambuyo pake Roy Nakayama anatulutsa mtundu wina waukulu wotchedwa NuMex Big Jim mu 1975.

Mudzi wa Hatch, umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kumpoto kwa Las Cruces, ndiwo likulu la ulimiwu. M'miyezi ya Ogasiti ndi Sepitembala anthu amagula tsabola wobiriwira m'masaka. Ogulitsa amamuwotchera pomwepo m'migolo ya waya yozungulira pa moto wa gasi, ndipo mabanja amakamusenda kunyumba n'kumusunga m'firiji kuti awakwanire chaka chonse.

Kaphikidwe kamasiyana malinga ndi dera. Ku New Mexico msuzi umakhala wopepuka ndipo mumakhala mbatatesi. Ku Colorado, makamaka mumzinda wa Pueblo, amaulimbitsa ndi ufa wa tirigu. Ku Mexico, kumene ndiwozi zimatchedwa chile verde, amathiramo chipatso chowawasa chotchedwa tomatillo. Ife titsata njira ya ku New Mexico.

Tsabola ngati ndiwo zamasamba

Kwathu kuno tsabola timamuika pambali pa mbale, n'kumatapa pang'ono pokha. Ku New Mexico amaphikidwa wochuluka monga mmene ife timachitira ndi chisoso kapena nkhwani. Zimenezi zimatheka chifukwa tsabola wawo sawawa kwenikweni. Ukali wa tsabola umayesedwa pa muyeso umene Wilbur Scoville anakonza mu 1912. Pa muyesowu mitundu yambiri ya ku New Mexico imagwera m'munsi mwa 10,000, ndipo ina sifika n'komwe pa 2,000, pamene piripiri wathu wamng'ono uja amapitirira 50,000. Munthu atathira theka la kilogalamu ya piripiri kapena kambuzi mumphika umodzi, palibe amene angayandikire mbale.

Njira yake ndi kusakaniza mitundu iwiri. Tsabola wamkulu wosawawa, uja timamutcha girinipepa, ndiye apereke mnofu ndi mtundu wobiriwira, ndipo tsabola wautali wobiriwira wowawa, amene amapezeka m'misika ya m'tauni, ndiye apereke ukali. Amene amakonda fungo la kambuzi akhoza kuwonjezera mmodzi kapena awiri osapsa.

Chimene chimawawa mu tsabola ndi mankhwala otchedwa capsaicin. Ambiri amaganiza kuti amakhala mu njere, koma kwenikweni amakhala m'kamnofu koyera ka mkati kamene njerezo zimamatirirapo. Mukachotsa kamnofu kameneka, ukali umachepa kwambiri koma fungo limatsala. Mankhwalawa sasungunuka m'madzi, koma m'mafuta. N'chifukwa chake kumwa madzi sikuziziritsa m'kamwa, pamene mkaka kapena chambiko zimathandiza. N'chifukwa chakenso tsabola amagwirizana ndi nyama yonona: mafuta amatenga ukaliwo n'kuugawa mumsuzi wonse, osalola kuti uunjikane malo amodzi.

Ofuna kukoma kowawasa kwa ku Mexico agwiritse ntchito tomato wosapsa ndi madzi a ndimu. Tomatillo ndi mbale wake wa jamu, chipatso chachikasu chobisala m'kathumba chimene chimamera chokha m'minda yathu, koma jamu wosapsa si woyenera kudya, choncho asalowe mumphika.

Kusankha nyama

Nyama yoyenera ndi ya paphewa kapena pakhosi, yokhala ndi mafuta pang'ono ndi timitsempha toyera. Timitsempha timeneti tikaphikidwa pa moto wochepa kwa nthawi yaitali timasungunuka, n'kufewetsa nthuli ndi kukhuthalitsa msuzi. Nyama ya mnofu wokhawokha, monga ya pamsana, imauma ngati chikuni ikakhalitsa pa moto, ngakhale kuti ndiyo imakwera mtengo.

Chachikulu kuposa kukoma ndi ukhondo wa nyamayo. M'madera ambiri a kuno kummwera kwa Africa nkhumba zimangoyendayenda m'mudzi, ndipo kumene kulibe zimbudzi zimadya chimbudzi cha anthu. Mwa njira imeneyi zimatenga mazira a njoka yam'mimba yaitali ngati lamba yotchedwa Taenia solium. Mazirawo amasanduka timatuza toyera tonga timbewu ta mpunga mu mnofu, pa lilime ndi pa mtima wa nkhumba. Munthu akadya nyama yotere isanapse bwino, njokayo imakulira m'matumbo mwake ndipo amatulutsa mazira ambirimbiri popita kuchimbudzi. Choopsa kwambiri chimadza pamene mazirawo amezedwa ndi munthu kudzera m'manja osasamba, madzi kapena masamba osatsuka. Pamenepo timatuza tija timatha kumera mu ubongo n'kuyambitsa khunyu. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti m'madera ambiri momwe anthu amakhala pamodzi ndi nkhumba zosatsekeredwa, anthu 30 mwa 100 alionse odwala khunyu amadwala chifukwa cha njoka imeneyi. Zindikirani kuti ngakhale munthu wosadya nkhumba akhoza kudwala motere ngati m'nyumba mwake muli wina wokhala ndi njokayo.

Chotero gulani nyama imene yayesedwa ndi alangizi a ziweto ndipo ili ndi chidindo. Musanalipire, pemphani wogulitsa acheke mnofu kuti muone mkati. Mukaona timatuza toyera, isiyeni, ngakhale mtengo utatsika chotani. Kunyumba, thabwa ndi mpeni zimene mwadulira nyama yaiwisi muzitsuke ndi sopo musanadulire china chilichonse. Ubwino wa ndiwo zathu za lerozi ndi wakuti zimawira kwa maola awiri, ndipo kutentha kumafika pakati pa nthuli iliyonse. Nyama yowotcha mofulumira pa kanyenya, yopserera kunja koma yofiira mkati, ilibe chitetezo chotere.

Awerengi amene sadya nkhumba chifukwa cha chipembedzo kapena mwambo asaone ngati gawo lino lawasiya. Nyama ya mbuzi kapena ya nkhosa imalowa m'malo bwino lomwe, ndipo anthu a mtundu wa Navajo a m'chigawo chomwecho amadziwika ndi mphika wa nyama ya nkhosa. Nkhuku yachikuda nayonso imachita bwino.

Zofunika pa banja la anthu 6

Kilogalamu 1 ya nyama ya nkhumba ya paphewa.
Girinipepa 6 akuluakulu.
Tsabola wautali wobiriwira wowawa 4 mpaka 6.
Anyezi 2 akuluakulu.
Timagawo 5 ta adyo.
Mbatatesi 4 zapakatikati.
Masupuni aakulu 2 a mafuta ophikira.
Masupuni aakulu 2 a ufa wa tirigu.
Supuni yaing'ono 1 ya cumin wopera, amene m'masitolo a amwenye amamutcha jeera.
Supuni yaing'ono 1 ya masamba ouma a oregano, ngati alipo.
Lita 1 ya madzi otentha kapena msuzi wa mafupa.
Mchere ndi ndimu 1.

Kaphikidwe kake

Yambani ndi kuwotcha tsabola, popeza ndipo pagona kukoma kwa ndiwozi. Kolezani mbaula mpaka makala afiire, ikani waya pamwamba, ndipo yalani tsabola yense. Wautali uja muyambe mwamuboola ndi nsonga ya mpeni kuti asaphulike. Muzitembenuza mpaka kakhungu kakunja katatuza ndi kuda mbali zonse. Zimenezi zimatenga mphindi 10 mpaka 15. Moto ukhale waukali, chifukwa moto wofooka umaphika mnofu wonse kakhungu kasanapsere. Chitani ntchitoyi panja kapena potsegula mazenera, popeza utsi wa tsabola umatsokomoletsa, makamaka ana.

Mukaphula, muikeni m'mbale ndi kuvindikira kwa mphindi 15. Nthunzi imalekanitsa kakhungu ndi mnofu, ndipo kamasendeka ndi zala zokha. Musamutsuke m'madzi, chifukwa fungo la utsi lija lipita ndi madziwo. Chotsani mapesi ndi njere, chotsaninso kamnofu koyera ngati kunyumba kuli ana kapena okalamba. Posenda tsabola wowawa valani timapepala ta pulasitiki m'manja, kapena dzolani mafuta ophikira kenaka musambe ndi sopo, ndipo musagwire m'maso. Theka la tsabolayo mulidule tizidutswa, theka linalo mulisinje mu kamtondo kuti likalimbitse msuzi.

Dulani nyama nthuli zazikulu ngati bokosi la machesi. Ipukuteni ndi kansalu koyera kuti iume, kenaka iwazeni mchere. Tenthetsani mafuta mumphika wokhuthala pansi ndipo kazingani nthulizo m'magulu awiri kapena atatu. Mukaziunjika zonse nthawi imodzi, mphika umazizira, nyama imatulutsa madzi ndipo imayamba kuwira m'malo mofiira. Nthuli iliyonse ikhale osaisuntha mpaka itafiirira mbali imodzi, ndiye muitembenuze. Zofiirira zimene zimakanirira pansi pa mphika musazikokote n'kutaya, ndizo zidzakometse msuzi.

Tulutsani nyama, chepetsani moto, ndipo mumafuta omwewo kazingani anyezi mpaka afewe, kwa mphindi 5. Thirani adyo wosinja ndi cumin, takasani kwa mphindi imodzi yokha, popeza adyo akapserera amawawa ngati ndulu. Wazani ufa wa tirigu ndi kutakasa kwa mphindi 2 kuti fungo la ufa wauwisi lichoke. Tsopano thirani madzi otentha pang'onopang'ono uku mukutakasa ndi kupala pansi pa mphika. Bwezerani nyama, thirani tsabola wosinja uja ndi oregano, ndipo dikirani kuti zibwate.

Zikabwata, phulani makala ena kapena tsekani kakhomo ka mbaula kuti moto utsike. Vindikirani ndipo zisiyeni ziziwira mwakachetechete, thovu likutuluka apa ndi apo, kwa ola limodzi ndi theka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Moto waukali sufulumizitsa kufewa kwa nyama, umangoumitsa nthuli ndi kuphwetsa msuzi. Muzitakasa mwa apo ndi apo, ndipo msuzi ukachepa onjezerani madzi otentha, osati ozizira.

Nyama ikayamba kulola, thirani mbatatesi zodula ndi tsabola wotsala uja, ndipo phikani kwa mphindi zina 25 kapena 30. Kuthira tsabola kawiri kuli ndi cholinga: woyamba amasungunukira mumsuzi, wachiwiri amatsala wooneka ndi wonunkhira. Ndiwo zapsa pamene nthuli ikugawanika ndi supuni. Lawani mchere, finyirani ndimu, phulani ndipo zipume kwa mphindi 10 musanapakule.

Maola awiri a moto ndi makala ambiri, ndipo mtengo wa makala tonse tikuudziwa, pamodzi ndi mitengo imene ikutha m'mapiri. Amene ali ndi dengu losunga kutentha, lija loyalidwa nsanza, thonje kapena udzu wouma, akhoza kuwiritsa ndiwozi pa moto kwa mphindi 30 zathunthu, zonse zili momwemo, kenaka n'kuika mphika wovindikira bwino m'dengumo kwa maola 3 kapena 4 osautsegula. Nthawi yakudya ikakwana, aubwezere pa moto kuti ubwatenso. Ndiwo zamtundu uwu, zofuna kutentha kochepa kwa nthawi yaitali, ndizo zimayenerana ndi dengu lotere.

Zikavuta mungatani

Ukali ukapitirira muyeso, onjezerani mbatatesi ndi madzi kuti ugawikane, kapena perekani chambiko pambali kuti aliyense adzithirire supuni imodzi. Msuzi ukapepuka kwambiri, phwanyani mbatatesi ziwiri mumphika momwemo. Msuzi ukamveka kuwawa kwa chinthu chopserera, ndiye kuti kakhungu ka tsabola kanatsalira kambiri, choncho ulendo wina musende mofatsa. Nyama ikakhala yolimba, siinapse: ipatseni nthawi, osati moto wambiri.

Ku New Mexico ndiwozi amadyera tortilla, mkate wopyapyala wa tirigu wofanana ndi chapati, ndiponso nyemba. Kwathu kuno zimayenda bwino ndi nsima kapena mpunga, ndipo msuzi wake ndi wokwanira kunyowetsa mbamu iliyonse. Zotsala zimakoma kwambiri mawa lake, koma zisakhale panja kupitirira maola awiri. Muziike m'firiji, ndipo potenthetsa zibwate ndithu. Kumene kulibe firiji, phikani zokwanira tsiku limenelo.

Za alimi a tsabolayu

Ndi bwino kudziwanso za anthu amene amalima tsabola wotchukayu, chifukwa kutchuka sikunawateteze ku mavuto. Mu 1992 alimi a ku New Mexico anakolola tsabola pa maekala oposa 34,000, koma m'zaka za m'ma 2010 malowo anatsika kufika pochepera maekala 10,000. Zifukwa zake n'zodziwika. Pangano la malonda la NAFTA litayamba kugwira ntchito mu 1994, tsabola wotsika mtengo wa ku Mexico anadzaza msika. Tsabola wobiriwira amathyoledwa ndi manja chifukwa amavulala msanga, ndipo aganyu akusowa. Chilala chinachepetsanso madzi a mumtsinje wa Rio Grande amene alimi amathirira minda yawo. Pamwamba pa izi, amalonda ena ankagulitsa tsabola wolimidwa kwina pomutcha wa ku New Mexico. Mu 2011 chigawochi chinakhazikitsa lamulo loletsa kutcha tsabola dzina limeneli ngati sanalimidwe kumeneko.

Alimi athu a piripiri ndi kambuzi akhoza kutolapo mfundo ziwiri. Yoyamba ndi ya mbewu: García anapeza msika chifukwa anapatsa ogula tsabola wofanana kukula ndi ukali chaka chilichonse, ndipo zimenezi zimayamba ndi kusankha mbewu kuchokera ku mitengo yabwino yokhayokha. Yachiwiri ndi ya dzina: mbewu ikadziwika ndi dera lake, dzinalo limasanduka chuma choyenera kuchiteteza ena asanalitole.

Kwa inu amene mukonze ndiwozi sabata ino, kumbukirani zitatu: nyama yachidindo yopanda timatuza, tsabola wowotchedwa pa moto waukali, ndi mphika wowira pa moto wochepa. Tilembereni kutiuza mtundu wa tsabola umene mwaupeza kumsika wa kwanu ndi mmene banja lazilandirira. M'gawo lotsatira tidzaona kaumitsidwe ka tsabola wofiira kuti asachite nkhungu nyengo ya dzinja.